Mkuwa wa pa gitala ya besi yakale: kodi ukada ndiye kuti wawonongeka?

Munthu akapeza gitala ya besi yakale, kaya waisiyiridwa ndi malume ake amene ankaimba m'bandi, kaya waigula kwa wina amene wabwera nayo kuchokera ku Johannesburg kapena ku London, kaya waitulutsa m'chipinda chosungiramo katundu cha kutchalitchi, maso ake amayamba kugwera pa zitsulo zake. Pamene amayembekezera kuona chikasu chonyezimira amapeza zitsulo zitathimbirira, zina zitada bii, ndipo m'mbali mwa timabawuti muli tinthu tobiriwira tonga ufa. Akafunsa anzake amamva malangizo awiri osagwirizana. Ena amati agule Brasso, mankhwala owalitsira zitsulo, akweche mpaka aziona nkhope yake pachitsulopo. Ena amamuchenjeza kuti asayerekeze kukhudza chilichonse, chifukwa akangopukuta ndiye kuti wagwetsa mtengo wa gitalayo. Onse awiri ali ndi zifukwa zomveka, ndipo kuti munthu asankhe bwino ayenera kudziwa kaye chimene ali nacho m'manja, chifukwa chimene chachotsedwa pamwamba pa chitsulo chakale sichibwereranso.

Gitala yakale ndi iti?

Palibe lamulo lonena kuti gitala ikafika zaka zakuti ndiye kuti yalowa m'gulu la zakale. Ogulitsa ena amawerengera kuyambira zaka 25 kapena 30, ena amangovomera zimene zinapangidwa chisanafike chaka cha 1980. Chimene ogula amayang'ana kwenikweni ndi nyengo imene gitalayo inapangidwa, fakitale imene inachokera ndiponso kuchuluka kwa ziwalo zake zoyambirira zimene zidakalipo. N'chimodzimodzi ndi makina osokera a Singer kapena njinga ya Humber: kukalamba pakokha sikuipatsa ulemu, koma ikakhala yopangidwa bwino, yosasinthidwa ziwalo ndiponso yogwirabe ntchito, anthu odziwa amaifunafuna.

Gitala ya besi yamagetsi si chida chakale kwambiri. Paul Tutmarc wa ku Seattle anapanga yoyamba m'zaka za m'ma 1930, koma sinafalikire. Imene inasintha zinthu ndi Precision Bass, imene kampani ya Leo Fender ya ku Fullerton, m'chigawo cha California, inatulutsa m'chaka cha 1951. Dzinalo, lotanthauza kulondola, linkanena za ma fret, timizere tachitsulo topingasa pakhosi la gitala, timene timathandiza woimba kupeza liwu lenileni mosaphonya, pamene besi yaikulu yoimirira, imene inalipo kale, ilibe timizere totere. Nsambo zake zinali zotalika mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86, ndipo muyezo umenewu ndi umene magitala ambiri a besi akutsatirabe. M'chaka cha 1957 Precision Bass inasinthidwa n'kukhala ndi maonekedwe amene tikuwadziwa lero, ndipo mu 1960 kunabwera Jazz Bass. Mu Januwale 1965 kampani ya CBS inagula Fender pa mtengo wa madola 13 miliyoni n'kuiyendetsa mpaka 1985. N'chifukwa chake m'malonda a magitala mumamveka mawu akuti pre-CBS, kutanthauza gitala yopangidwa kampaniyo isanagulitsidwe, ndipo zoterezo ndi zimene zimadula koposa.

Koma magitala ambiri okhala ndi mkuwa si a nyengo imeneyo. Ndi a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kapena ndi akale kuposa pamenepo koma anaikidwa ziwalo zamkuwa pambuyo pake.

Mkuwa wake uti?

Liwu lakuti mkuwa m'Chichewa limanyamula zitsulo zingapo. Pali mkuwa wofiirira, kopa, umene umakumbidwa ku Copperbelt m'dziko la Zambia, m'madera a Kitwe, Chingola ndi Mufulira, ndipo ndi umene uli m'mawaya a magetsi. Pali mkuwa wosakaniza ndi tini, umene amasulira mabelu. Ndiye pali mkuwa wachikasu, wotchedwa brass, umene ndi kopa wosungunulidwa pamodzi ndi zinki, ndipo umenewu ndi umene tikunena pano. Zinki nayenso ankakumbidwa ku Zambia komweko, mumgodi wa ku Kabwe umene unatsekedwa mu 1994.

Kasakanizidwe kake kamasiyanasiyana. Mkuwa wina umakhala ndi magawo 70 a kopa pa magawo 30 a zinki, wina 60 pa 40, ndipo monga mmene nsima imasinthira maonekedwe ndi kulimba kwake munthu akawonjezera ufa wa chinangwa mu ufa wa chimanga, mkuwanso umasintha mtundu ndi kulimba malinga ndi kuchuluka kwa zinki. Mkuwa wopangira tiziwalo tosemedwa pa makina kawirikawiri umakhala ndi mtovu pang'ono, pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse, kuti uzidulika mosavuta. Ichi n'chifukwa chokwanira chosambira m'manja munthu akamaliza kuupukuta.

Pali makhalidwe atatu a mkuwa wachikasu amene akufotokoza nkhani yonseyi. Ndi wolemera: kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse kamalemera pafupifupi magalamu 8.5, pamene chitsulo wamba chimalemera 7.9 ndipo aluminiyamu 2.7 basi. Sukokedwa ndi maginito. Ndipo mulibe chitsulo chija chimene chimachita dzimbiri lofiira, choncho sudyeka ngati lata la padenga, ngakhale uli ndi matenda akeake.

Pa gitala ya besi mkuwa umapezeka pa bridge, pamene nsambo zimakhazikika kumunsi kwa thupi la gitala, pa tizitsulo timene nsambo iliyonse imatsamira, pa nut, kachidutswa kokhala ndi mipata kamene nsambo zimadutsapo pafupi ndi mutu, pa timabatani tokwezera mawu ndiponso pa tizikhomo tokolowekapo lamba. Ngakhale ma fret, amene amaoneka oyera ngati siliva, ndi achibale a mkuwa: ndi kopa, zinki ndi nickel, ndipo siliva mulibemo.

Mkuwa unabwera bwanji pa besi?

Bridge ya Fender yoyambirira inali lata lachitsulo lopindidwa, lopepuka ndiponso lotsika mtengo, ndipo nyimbo zambiri zotchuka za m'ma 1960 zinajambulidwa pa bridge yotereyo popanda wodandaula. Maganizo anayamba kusintha ndi kampani ya Alembic, imene inayambika ku California mu 1969 pakati pa amisiri ogwira ntchito ndi gulu loimba la Grateful Dead. Alembic inkapanga magitala a besi odula kwambiri, a khosi lodutsa thupi lonse, okhala ndi bridge ndi nut zamkuwa, ndipo pansi pa bridge inkakwiriramo chidutswa china cholemera cha mkuwa. Woimba wa jazz Stanley Clarke atayamba kuoneka ndi besi ya Alembic, oimba ambiri anayamba kulakalaka liwu lomveka bwino ndi lokhalitsa ngati limenelo.

Ganizo lake ndi losavuta kulimvetsa. Mangani chingwe choyanikapo zovala pakati pa mitengo iwiri ikuluikulu ya mango n'kuchikoka: chinjenjemera kwa nthawi ndithu. Chimangeni pa mabango awiri: mabangowo agwedezeka nacho limodzi, ndipo chileka msanga chifukwa mphamvu yake yathera m'mabango. Amisiri a nthawi imeneyo ankaganiza kuti nsambo ikatsamira pa chitsulo cholemera ndi chosagwedezeka, mphamvu yake imakhalabe m'nsambomo ndipo liwu limachedwa kuzima. Kuchedwa kuzima kumeneku ndi kumene oimba amakutcha sustain.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mkuwa unali pakamwa pa aliyense. Makampani monga Schecter, Mighty Mite ndi DiMarzio ankagulitsa ziwalo zamkuwa zoti munthu aike pa gitala imene ali nayo kale. Ku Japan, fakitale ya Matsumoku ya mumzinda wa Matsumoto inkapanga Aria Pro II SB-1000 yokhala ndi bridge ndi nut zamkuwa, ndipo fakitaleyi inatsekedwa mu 1987, zimene zachititsa kuti magitala ake azifunidwa kwambiri masiku ano. Fender nayo inatsatira mu 1980 ndi Precision Bass Special, ya ziwalo zamkuwa zokutidwa ndi golide. Koma si bridge iliyonse yolemera ya nthawi imeneyo imene inali yamkuwa. Badass, bridge yotchuka ya kampani ya Leo Quan, inali yosungunula kuchokera ku zinki, ndipo anthu ambiri amaisokoneza.

Amene sakhutira ndi ganizo la mkuwa nawonso ali ndi mfundo. Amanena kuti nut imakhudza liwu la nsambo pokhapokha pamene sinapanikizidwe ndi chala, chifukwa chala chikangotsikira pa fret, nsamboyo imayambira pa fret ndipo nut yatuluka m'nkhani. Amanenanso kuti pickup, kachipangizo ka maginito ndi waya wa kopa kamene kamamva kunjenjemera kwa nsambo, pamodzi ndi mtundu wa nsambo ndi dzanja la woimba, zimasintha liwu kwambiri kuposa chitsulo cha bridge. Enanso amakumbutsa kuti woimba besi safuna nthawi zonse liwu lokhalitsa, moti magitala a Fender akale ankabwera ndi kasiponji kozimitsira nsambo mwadala. Ndiye pali kulemera kwake, kumene phewa la woimba limakumva akaimirira maola atatu paukwati.

Kuda, kubiriwira ndi kufiira ndi zinthu zitatu zosiyana

Apa ndi pamene chisokonezo chambiri chagona, ndipo ndi pamene ndikuona kuti mwini gitala ayenera kudekha kwambiri.

Mkuwa ukada, ndiye kuti pamwamba pake pagwirizana ndi mpweya, makamaka okosijeni ndi timipweya ta sulufule, n'kupanga kakhungu kopyapyala kwambiri. Kakhungu kameneka, kamene osunga zinthu zakale amakatcha patina, kamayamba ngati chikasu chozimirira, kenako kamakhala kofiirira, mpaka kuda. Sikadya chitsulo mkati. Kamagwira ntchito ngati khungwa la mtengo, kutchinjiriza zimene zili pansi pake, ndipo bridge yakuda chonchi ikhoza kugwira ntchito zaka zina makumi ambiri osasintha kanthu pa kamvekedwe ka gitala. Kupukuta kapena kusapukuta mkuwa wotere ndi nkhani ya maso a mwini wake.

Kubiriwira n'kwina. Aliyense amene anavalapo chibangili kapena mphete yamkuwa nthawi yotentha amadziwa mzere wobiriwira umene umatsala pakhungu. Thukuta lili ndi mchere ndi asidi, ndipo zimenezi zikakhala pa kopa pamodzi ndi chinyezi zimapanga ufa wobiriwira. Dzanja lamanja la woimba besi limakhala pafupi ndi bridge nthawi zonse, choncho thukuta limatsikira m'mipata ya timabawuti n'kuumira momwemo. Lamba wachikopa wosiyidwa pa tizikhomo take kwa zaka amachitanso chimodzimodzi. Ufa wobiriwirawu, makamaka wochokera ku mchere, umakoka chinyezi ndipo umatha kuboola timaenje pachitsulo, umamanga timabawuti kuti tisazungulire, ndipo suyenera kulowa m'kamwa. Ngakhale anthu okonda patina ambiri amavomereza kuti uwu ndi woyenera kuchotsa. Palinso vuto lina lobisika: timabawuti tambiri tolowa mumkuwa ndi tachitsulo wamba, ndipo zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali madzi amchere, chitsulo wambacho chimachita dzimbiri msanga kuposa chikanakhala pachokha. Nthawi zambiri chimene chimapha bridge yakale si mkuwa wake koma kabawuti kamene kadyeka mutu n'kukanirira mkati.

Chachitatu ndi mawanga ofiirira ngati kopa. Amenewa amasonyeza kuti zinki wachoka pamwamba n'kusiya kopa yekha, ndipo kawirikawiri amabwera chifukwa cha asidi wamphamvu kapena madzi amchere okhalitsa. Akakhala apamwamba chabe amachoka popukuta, koma akalowa mkati chitsulocho chimakhala chofooka.

Mdani wina wa mkuwa, amene mbiri yake ndi yodziwika bwino, ndi amoniya. Asilikali a Britain ku India ankaona kuti zikopa zamkuwa za zipolopolo zikung'ambika zokha nyengo ya mvula, ndipo mu 1921 akatswiri anafotokoza chifukwa chake: zipolopolozo zinkasungidwa m'makola a akavalo, ndipo amoniya wochokera mumkodzo wa akavalowo, pamodzi ndi chinyezi, ankang'amba mkuwa umene unali wokokeka kale popangidwa. Kwathu kuno, kumene chipinda chimodzi chimatha kusunga matumba a feteleza, njinga ndi zida za bandi, phunziro limeneli ndi lapafupi. Gitala ya mkuwa isagone pafupi ndi feteleza wa urea, khola la nkhuku kapena mankhwala otsukira okhala ndi amoniya.

Chili pamwamba pa mkuwawo n'chiyani?

Musanatenge nsalu, funso loyamba ndi lakuti chimene mukuchiona ndi mkuwa weniweni kapena ndi chokutira chake. Maginito amathandiza kuyamba: akakakamira, pansi pake pali chitsulo wamba chongokutidwa. Akapanda kukakamira, chikhoza kukhala mkuwa kapena zinki wokutidwa, ndipo kusiyana kwake kumaoneka pamalo operepeseka kapena kunsi kwa chiwalocho, pamene mkuwa umaonetsa chikasu ndipo zinki amaonetsa kutuwa.

Mkuwa weniweniwo umabwera m'njira zitatu. Wina ndi wosakutidwa, ndipo umada mofanana paliponse. Wina unapakidwa vanishi woonekera mkati kufakitale, ndipo umadziwika chifukwa umakhala wamawangamawanga, wowala pamene vanishi adakalipo ndi wakuda pamene anasupuka. Mankhwala opukutira sagwira kanthu pamwamba pa vanishi kupatula kumukanda, moti wofuna kuti ziwale mofanana ayenera kuchotsa vanishi yense, ndipo akatero ndiye kuti wasintha chiwalocho mpaka kalekale. Wachitatu ndi wokutidwa ndi golide, chrome kapena nickel. Golide wa pa magitala ndi wopyapyala koopsa, kawirikawiri sakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo kukwecha kwa mphindi zochepa kumamuchotseratu. Pa golide, nsalu yofewa yonyowa pang'ono ndiyo malire.

Brasso, imene kampani ya Reckitt and Sons ya ku Hull inayamba kugulitsa mu 1905, imagwira ntchito pokwecha ndi timchenga tosaoneka ndi maso ndiponso ili ndi amoniya. Pa mkuwa wosakutidwa imawalitsa ndithu, koma nthawi iliyonse imachotsa kachitsulo pang'ono, imafafaniza zilembo zodindidwa ikagwiritsidwa ntchito kawirikawiri, ndipo zotsalira zake zoyera zikaumira m'makona zimadzabala kubiriwira kumene munkathawa. Ikadonthera pa utoto wa gitala yakale imatha kusiya banga. Madzi a mandimu kapena viniga wothira mchere amachotsa kuda mofulumira, koma ndi amene amabweretsa mawanga ofiirira aja chiwalo chikasiyidwamo nthawi yaitali kapena chikapanda kutsukuluzidwa bwino. Phulusa, mchenga ndi waya wokwechera miphika n'zabwino pa sefuliya, osati apa. Wayayo ali ndi vuto linanso: tizidutswa take timakokedwa ndi maginito a pickup, timalowa mkati n'kuchita dzimbiri pafupi ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, ndipo wayayo akaduka pickup yafa.

Njira imene amisiri osamala amatsata imayamba ndi kujambula zithunzi ndi kuyeza pamene kachitsulo ka nsambo iliyonse kali, chifukwa malo amenewo ndi amene amachititsa kuti gitala izimveka molondola pa fret iliyonse. Kenako amamasula chiwalocho n'kuchichotsa pa gitala, pogwiritsa ntchito sikuludilaiva yokwana bwino pamutu wa kabawuti, ndipo timabawuti ta magitala a ku America timayezedwa m'mainchesi pamene ta ku Japan timayezedwa m'mamilimita, choncho kukakamiza kosayenera kumawononga mazinga. Amatsuka ndi madzi ofunda, sopo wochepa ndi mswachi wofewa, amachotsa ufa wobiriwira ndi kamtengo kosongoka, n'kuumitsa bwinobwino. Kabawuti kokanirira amakadonthezera mafuta a makina osokera n'kukasiya usiku wonse m'malo mokalimbana nako. Akafika apa ndi pamene amaona ngati kupukuta kukufunikadi, ndipo nthawi zambiri chiwalo chongotsukidwa chimakhala chitakongola kale. Pomaliza amapaka phula lopyapyala lotchinga mpweya. Losungira zinthu zakale lodziwika kwambiri ndi Renaissance Wax, limene linapangidwa kumalo ofufuzira a British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ya ku London, m'zaka za m'ma 1950.

Pansi pa bridge pamakhala kawaya kamene kamalumikiza nsambo ndi mbali yamagetsi ya gitala kuti phokoso la ng'ung'ung'u lizichepa woimba akagwira nsambo. Malo amene kawayako kamakhudza bridge ayenera kukhala oyera, opanda phula kapena vanishi, ndipo kakabwezeredwe momwe kanalili. Apa pokha ndi pamene kuda kwa mkuwa kumakhudzadi kamvekedwe. Nut yamkuwa ndi bwino kuisiya pamalo pake, ndipo mipata yake isakwechedwe, chifukwa ikazama pang'ono pokha nsambo zimayamba kugunda ma fret.

Matabwa, khosi ndi nyengo yathu

Mkuwa ukhoza kudikira, koma matabwa sadikira. Nsambo zinayi za besi zikamangidwa bwino zimakoka khosi ndi mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu 70 mpaka 90, kuposa thumba la chimanga, usana ndi usiku. Chimene chimaletsa khosi kupindika ndi ndodo yachitsulo yokwiriridwa mkati mwake, yotchedwa truss rod, imene Thaddeus McHugh wa kampani ya Gibson anaitulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Pa gitala yakale ndodoyi imazunguliridwa pang'ono kwambiri, osapitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kumodzi, kenako n'kudikira tsiku kuti thabwa likhazikike. Ikakana kuzungulira isakakamizidwe, chifukwa ikathyoka kukonza kwake kumafuna kung'amba khosi.

Matabwa amamwa chinyezi ndi kuchilavula, monga mmene chitseko chimathinira m'Januwale n'kumasuka m'Okotobala. Magitala amakhala bwino chinyezi cha mumpweya chikakhala pakati pa magawo 40 ndi 60 pa 100 aliwonse, koma nyengo yathu imadumpha malire onse awiri. M'dzinja, makamaka kunyanja ndi kumadera a Mulanje ndi Thyolo, bokosi la gitala limachita chuku ndipo kubiriwira kwa mkuwa kumafulumira. M'chilimwe thabwa la pakhosi limauma n'kufota, ndipo nsonga za ma fret zimatuluka m'mbali n'kumakanda dzanja. Gitala isatsamire khoma lakunja lonyowa, isakhale pansi pa denga la malata lopanda siling'i, ndipo isasiyidwe m'galimoto yotsekedwa padzuwa, pamene kutentha kumafewetsa guluu.

Utoto wa magitala a Fender mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 unali wa nitrocellulose, umene ndi wopyapyala, umachita timing'alu ngati ta mbale yadothi kutentha kukasintha mwadzidzidzi, ndipo umasungunuka ukakhudzana nthawi yaitali ndi labala kapena pulasitiki wina wofewa wa pa zoimikapo magitala. Mowa wa sipiriti ndi mankhwala othamangitsa udzudzu opaka pakhungu amauwononganso. Magitala ambiri a nyengo ya mkuwa, monga Alembic, Aria SB-1000 ndi Precision Special, ali ndi magetsi amkati oyendera mabatire. Batire loiwalika m'gitala kwa zaka limatha kutuluka madzi n'kudya mawaya, choncho gitala ikapita kukasungidwa batire lichotsedwe.

Chizolowezi chimodzi chimaposa mankhwala onse: kupukuta nsambo, bridge ndi khosi ndi nsalu youma nthawi iliyonse munthu akamaliza kuimba, thukuta lisanaume.

Ziwalo zoyambirira ndi mapepala a pamalire

Ogula magitala akale amawerenga gitala ngati mmene dokotala wa ziweto amawerengera mano a ng'ombe. Pa magitala a Fender nambala yakufakitale inali pa kachitsulo kolumikiza khosi ndi thupi kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1950 mpaka 1976, kenako inasamukira pamutu. Kumapeto kwa khosi, mkati mobisika, kumakhala deti lolembedwa kapena lodindidwa. Kuseri kwa tizipangizo tokwezera mawu kuli manambala: 137 akuimira kampani ya CTS, 304 akuimira Stackpole, ndipo otsatirawo akunena chaka ndi sabata, moti 1377642 ndi CTS, chaka cha 1976, sabata ya 42. Ngakhale mtovu wolumikizira mawaya umayang'anidwa ngati unasungunulidwapo. Choncho chiwalo chilichonse chimene chachotsedwa, ngakhale kabawuti kadzimbiri, chisungidwe m'kathumba pamodzi ndi gitalayo, ndipo wosintha chiwalo afunefune chokwana m'mabowo akale kuti asaboole atsopano.

Woyenda nayo kunja adziwenso za pangano la CITES, loteteza zomera ndi nyama zimene zikutha. Thabwa la pakhosi la magitala a Fender kuyambira 1959 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1960 kawirikawiri linali la Brazilian rosewood, mtengo umene unaikidwa pa mndandanda wa chitetezo chokhwima kwambiri mu 1992. Msonkhano wa ku Johannesburg wa mu 2016 unawonjezera mitengo yonse ya banja la Dalbergia, limene phingo wathu alimonso, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2017. Mu 2019 zida zoimbira zomalizidwa kale zinamasulidwa, koma Brazilian rosewood sanamasulidwe, moti gitala yokhala ndi thabwa limeneli imafunabe zikalata podutsa malire a mayiko.

Mafunso amene adakali poyera

Funso loyamba ndi la liwu. Palibe amene amatsutsa kuti kulemera ndi kulimba kwa malo amene nsambo yatsamira kumakhudza kanjenjemeredwe kake, koma oimba sanagwirizanebe ngati kusinthako n'kokwanira kuti khutu likumve besi ikadutsa mu ampulifaya pakati pa ng'oma ndi magitala ena. Kuyesa kwake n'kovuta chifukwa wosintha bridge amamasulanso nsambo, kapena kuika zatsopano, ndipo kutalikirana kwa nsambo ndi khosi kumasintha. Makampani ena, monga Hipshot, amagulitsa bridge imodzimodzi ya mkuwa ndi ya aluminiyamu n'kusiyira wogula kuti asankhe.

Lachiwiri ndi la patina. James Jamerson, amene anaimba besi pa nyimbo zambiri za kampani yojambula nyimbo ya Motown pogwiritsa ntchito Precision Bass ya 1962, amadziwika kuti sankakonda kuitsuka ngakhale kusintha nsambo zake, ndipo alipo ambiri amene amaona zipsera ndi kuda kwa gitala ngati mbiri ya manja amene anaigwira. Ena amayankha kuti amisiri a Alembic ndi a Matsumoku anaitulutsa m'fakitale ikuwala, ndipo kuiwalitsanso ndiko kulemekeza cholinga chawo. Kodi gitala yoyambirira ndi ija ya tsiku limene inagulidwa, kapena ndi imene zaka zaipanga?

Lachitatu likukhudza magitala osinthidwa. Precision Bass ya m'ma 1960 imene inaikidwa nut ndi bridge zamkuwa mu 1979 tsopano yakhala nazo zaka zoposa 40, nthawi yaitali kuposa imene inakhala ndi ziwalo zake zakufakitale. Ogulitsa ambiri amaitsitsabe mtengo, koma ziwalo za Schecter ndi Mighty Mite za nthawi imeneyo zayamba kufunidwa pazokha. Kodi mwini wake azichotse n'kufunafuna zoyambirira zochokera pa gitala ina, kapena azisiye ngati mbali ya mbiri yake?

Ndiye pali funso la woimba amene gitalayo ndi khasu lake, amene Loweruka ali paukwati ndipo Lamlungu ali kutchalitchi. Ma fret akaperepeseka ayenera kusinthidwa kuti gitala iimbike, kachipangizo kokwezera mawu kakayamba kukhosomola kayenera kukonzedwa, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimachotsa kanthu pa zimene ogula zakale amalipirira. Kodi gitala yotere ikonzedwe mpaka pati kuti izigwirabe ntchito, ndipo ndi pa mtengo uti pamene mwini wake angayambe kuisiya kunyumba n'kupita kudansi ndi ina yotsika mtengo?